Kusiya Mowa Mothandizana ndi Anzathu



Lero tikambirane za mowa. Tonse tikumudziwa munthu amene amati akagulitsa fodya kapena mtedza, ndalama zonse zimathera ku kachasu. Ana alibe sopo, munda wasanduka tchire. Mwina munthuyo ndi amuna anu, achimwene anu, kapena inu amene.

Ambiri mwa anthu otere anayesapo kusiya. Amalumbira m'mawa matsire akawagwira, koma pofika madzulo abwereranso. Tisafulumire kunena kuti analodzedwa. Uchidakwa ndi matenda. Thupi likazolowera mowa limaufuna monga lifunira nsima. Kulimbana ndi matendawa uli wekha nkovuta. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga.

M'chaka cha 1935, mumzinda wa Akron ku America, munakumana amuna awiri, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith. Onse awiri mowa unali utawazunza zaka zambiri. Bill anali atasiya kumwa kwa miyezi ingapo, koma ali paulendo chibaba chinamugwiranso. M'malo molowa m'bala, iye anafunafuna chidakwa chinzake choti acheze nacho. Awiriwa anaona kuti kukambirana kumawalimbitsa onse. Umu ndi mmene linayambira gulu lotchedwa Alcoholics Anonymous, mwachidule AA. Dzinali likutanthauza zidakwa zosatchulidwa maina. Lero gululi lili m'maiko oposa 150.

Kodi kumsonkhano wa gulu lotere kumachitika zotani? Anthu amakhala pansi kwa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Aliyense amatchula dzina loyamba lokha. Mmodzi akamafotokoza zimene mowa unamuchita, ena amamvetsera. Palibe womudula mawu, palibe womudzudzula, chifukwa onse anadutsa njira yomweyo. Mlendo akafuna kukhala chete, amangokhala chete. Zimene zakambidwa pamenepo zimatsala pomwepo, sizipita kuchitsime kapena pabawo.

Kulowa gululi salipira. Chofunika nchimodzi basi, kufuna kusiya mowa. Amene ali ndi kangachepe amasonkha mwa kufuna kwake kuti agule tiyi kapena alipire chipinda. Gululi si mpingo ndiponso si chipani. Mkhristu ndi Msilamu amakhala pa benchi imodzi.

Mamembala amatsata mfundo 12. Yoyamba ndi kuvomera kuti mowa wakugonjetsa. Ina ndi kupita kwa anthu amene unawalakwira nkukonza zimene unaononga. Munthu watsopano amasankha mnzake amene anasiya kale, woti azimuthamangira chibaba chikavuta. Salumbira zoti sadzamwanso mpaka imfa ayi. Amangoti lero lokha sindimwa. Mawa kukacha anenanso chimodzimodzi.

Nanga msonkhano tingaupeze bwanji? Yambani kufunsa kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Funsani alangizi a zaumoyo, abusa kapena ashehe. Chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe chimathandiza anthu ovutika ndi mowa. Chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba chimateronso. Ngati mwana wanu ali ndi foni ya intaneti, muuzeni afufuze dzina la gululi, poti misonkhano ina imachitikira pafoni. Inu tsopano mumatha kulemba. Mukauzidwa za msonkhano, lembani tsiku, nthawi ndi malo m'kope mwanu.

Funsaninso ngati msonkhanowo ndi wa aliyense kapena wa ofuna kusiya okha. Ku wa aliyense mukhoza kupita ndi akazi anu kapena atsibweni anu. Achibale a zidakwa nawonso ali ndi gulu lawo lotchedwa Al-Anon, limene linayamba mu 1951.

Tsono apa tcherani khutu. Ngati munthu amamwa kwambiri tsiku ndi tsiku, asasiye mwadzidzidzi ali kunyumba. Masiku atatu oyamba ndi oopsa. Manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, tulo sabwera. Ena amaona zinthu zimene palibe, ena amagwa ngati akhunyu, ndipo munthu angathe kufa. Ayambe wapita kuchipatala, kumene kuli mankhwala othandiza pa masiku amenewa. Gulu la anzake silipereka mankhwala. Ntchito yake ndi kumulimbitsa mtima kuti asabwerere.

Mwina wina anena kuti kwathu kuno gulu lotere kulibe. Kumbukirani kuti aja anayamba ali awiri okha. Pezani mnzanu mmodzi amene akufunanso kusiya. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, makamaka tsiku la msika kapena lolandira ndalama, pamene mayesero amakula. Pemphani chipinda kusukulu kapena kutchalitchi, ndipo dziwitsani alangizi a zaumoyo. Muzisungirana chinsinsi.

Wina akaterereka nkumwanso, musamuseke. Mukamutenge abwere kumsonkhano wotsatira. Ambiri amene lero atha zaka osalawa mowa anagwapo kangapo asanalimbe. Inu amayi ndi abambo a pakhomo, musamutumenso kukagula mowa wa alendo.



Mafunso
1. Kodi gulu la AA linayamba chaka chanji?
2. Chifukwa chiyani munthu womwa kwambiri ayenera kuyamba wapita kuchipatala?
3. Lembani anthu atatu a kwanu amene mungawafunse za msonkhano.