Mwana Akatentha Thupi n'Kukana Bere: Mawu a Pamsonkhano Wathu wa Pachaka

 Inu amene munkaodzera m'kalasi ya Biology masana, lero lokha khalani maso.

Mukukumbukira mitochondria, timbali ta selo tija totulutsa mphamvu? M'menemo muli enzyme yotchedwa glutaryl-CoA dehydrogenase. Ntchito yake ndi kuthandiza kuphwanya lysine ndi tryptophan, zomwe timazipeza m'nyama, mkaka ndi nyemba zomwe tinkadya zija. Jini yopanga enzymeyi ikalakwika, asidi amaunjikana m'thupi n'kuvulaza ubongo. Matendawa ndiwo glutaric aciduria type 1, ndipo anadziwika koyamba mu 1975.

Mwana amabadwa bwinobwino, mwina mutu wokha wokulirapo. Tsiku lina, kawirikawiri asanakwane zaka 3, amatentha thupi kapena kutsekula m'mimba, n'kukana bere. Pakangopita masiku ochepa khosi lalefuka, manja ndi miyendo zikupindika zokha, ndipo zikatero kubwerera mwakale n'kovuta. Achibale amayamba kunong'ona za ufiti, ena n'kumanena mayi. Koma anzanga, mwana amadwala pokhapokha atatengera jini yolakwikayo kwa bambo ndi kwa mayi omwe, makolowo ali athanzi osadziwa kanthu. Pa banja lotere, mimba iliyonse ili ndi mpata umodzi mwa 4.

Ku Pennsylvania, pakati pa anthu a Amish, ana otere ankangotchedwa a cerebral palsy. Dr Holmes Morton ndiye anazindikira gwero lake, ndipo mu 1989 anawatsegulira chipatala. Chithandizo chake si cha mankhwala ozizwitsa ayi. Mwana amapatsidwa carnitine ndi chakudya chochepa lysine, ndipo akangotentha thupi amathamangira naye kuchipatala kukamuika diripi ya shuga tsiku lomwelo. Akapezeka matenda asanamugwetse, ana ambiri amakula akuyenda.

Musati ndi za azungu okha. Mu 2010 ofufuza a ku Cape Town analengeza kuti ana akuda a ku South Africa odwala matendawa ali ndi kusintha kumodzimodzi kwa jini, kotchedwa A293T. Choncho inu a ku Joni, mwana akalefuka motere atatentha thupi, mutchulireni dokotala dzina la matendawa. Inu a ku England, azamba akabwera kudzabaya khanda kachidendene pa tsiku lachisanu, musakane. Kuyambira 2015 matendawa ali m'gulu la amene amayezedwa m'timadontho ta magazi timeneto.

A Pampando, ndaona mukuyang'ana wotchi.