Malo Oyenera Kuwaona m'Dziko Lathu la Zambia

(Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi nthawi ya chuthi)

 Mau anga lero ali pa malo ochuka a m'dziko lathu, amene alendo amadzera kutali kudzawaona, ndipo ife eni ace tingowadziwa pa mapu opacikidwa pa khoma. Cinthu ici ciri ndi bvuto lace. Mphunzitsi amene aphunzitsa malo amene sanawaone, kapena kufunsa bwino za iwo, amangobwereza mau a m'buku. Ana alemba maina, nakhoza mayeso, koma aturuka m'sukulu ali kuganiza kuti zinthu zazikuru zonse zinacitikira kwa eni kutsidya la nyanja. Tsono tiyeni tiyende pamodzi ndi maganizo, ndipo pa malo ali onse tifunse mafunso awiri: cinacitika pano nciani, ndipo anacicita ndani?

Kum'mawa

Tiyambe kwathu, pakuti akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Kumene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi kuli mudzi wa Luangwa, umene kale unachedwa Feira. Kufupi ndi kumeneko Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'mwezi wa November 1835. Akulu a Angoni anasunga mbiri yakuti tsiku la kuoloka dzuwa linada usana, ndipo anthu odziwa za nyenyezi atawerenga, anapeza kuti kadamsana anacitikadi mwezi umenewo. Onani phunziro labwino kwa ana: mbiri ya pakamwa ndi masamu zinabvomerezana.

Mwana wa Zwangendaba, ndiye Mpezeni, anakhazikika m'dziko la Chipata. M'caka ca 1898 asilikari a Angerezi anagonjetsa Angoni, naombera Nsingo, mwana wa Mpezeni, amene anatsogolera nkhondo. Mwambo wa Nc'wala unaleka zaka zambiri, nuukitsidwanso m'1980, ndipo ucitika ku Mtenguleni m'mwezi wa February. Kulamba kwa Acewa kucitika ku Mkaika, m'boma la Katete, m'mwezi wa August, pamene mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique adza kwa Kalonga Gawa Undi. Ndiponso cigwa ca Luangwa ciri ndi nkhalango ya nyama ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa monga paki ya dziko m'1972. M'cigwamo muli mtundu wa nyamalikiti wosapezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi.

Lusaka

Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 570. Lusaka unasanduka likulu m'1935. Mlendo asanyengedwe ndi nyumba zazitali, koma afunse njira ya ku Chilenje, ku nyumba ya nambala 394. Ndi kanyumba kakang'ono, kosasiyana ndi nyumba zina za anchito za masiku aja, koma m'menemo Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 kufikira 1962, akutsogolera nkhondo ya ufulu umene unadza pa 24 October 1964. Galimoto la Land Rover limene anayendamo liri pomwepo. Mwana wa kumudzi akaona kucepa kwa nyumbayo adziwa kuti nchito yaikuru siyembekeza nyumba yaikuru. Ndipo tisaiwale kuwauza kuti mwini nyumbayo anali mphunzitsi poyamba, wobadwira pa mishoni ya Lubwa m'1924.

Kumwera

Malo ochuka koposa onse ndiwo mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndiko kunena utsi wogunda. Zambezi, amene ayamba ngati kasupe wamng'ono ku Ikelenge, afika apa ali wotambasuka mamita 1,708, nagwera m'phompho lakuya kufikira mamita 108. David Livingstone anawaona pa 16 November 1855, nawacha dzina la Mfumukazi Victoria. Mabuku ena akale ati iye ndiye anawatulukira. Tisamale ndi mau amenewo. Atoka ndi Aleya anakhala m'mbali mwa mathithiwo mibadwo yambiri, ndipo amene anapalasa bwato kumfikitsa pa cisumbu ca pamwamba pa mathithi anali Amakololo a mfumu Sekeletu. Livingstone anali Mzungu woyamba kuwaona ndi kulemba za iwo; kumeneko ndiko kunena zoona, ndipo sikumcepsa iai.

Kunsi kwa mathithi kuli ulalo wacitsulo umene unatha kumangidwa m'1905, wolenjekeka mamita 128 pamwamba pa madzi, wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe. M'1989 bungwe la UNESCO linalemba mathithiwa m'kaundula wa cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. M'mzinda wa Livingstone, umene unali likulu kuyambira 1911 kufikira 1935, muli nyumba yosungiramo zinthu zakale, yoyambidwa m'1934, yaikuru ndi yakale koposa zonse m'dziko muno. Mphunzitsi aipatse tsiku lathunthu, ali ndi kope ndi pensulo m'manja.

Pobwerera apatuke kunka ku Siavonga, akaone khoma la Kariba, lomangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, lotalika mamita 128 kunka m'mwamba. Magetsi ace ayendetsa migodi ndi kuunikira mizinda. Koma apa funso lathu laciwiri lilemera. Anthu a mtundu wa Atonga pafupifupi 57,000, a mbali zonse ziwiri za mtsinje, anasamutsidwa kuti nyanja ipeze malo. Minda yao ya m'dimba ndi manda a makolo ao ziri pansi pa madzi. M'1958 apolisi anaombera ndi kupha anthu 8 a kwa Mfumu Chipepo amene anakana kusamuka. Amene aphunzitsa za Kariba naleka kuchula anthu awa waphunzitsa theka la nkhani.

Ndipo cinthu codabwitsa cinaturuka m'kusamuka komweko. M'1960 anchito amene anali kukumba maziko a thanki la madzi ku Lusitu, kumene ena a osamutsidwawo anaikidwa, anapeza manda akale pa citunda ca Ingombe Ilede. M'mandamo munali mikanda ya golidi, mipingasa ndi waya wa mkuwa, mikanda ya galasi yocokera kunja, ndi zotsala za nsaru ya thonje. Izi zitionetsa kuti zaka mazana angapo zapitazo anthu a m'cigwa ca Zambezi anali kale pa malonda ofika ku nyanja ya mcere.

Pakati ndi ku Migodi

Ku Kabwe, kumene kunachedwa Broken Hill, anthu okumba mtobve anapeza cibade ca munthu wakale lomwe m'caka ca 1921. Akatswiri atacipimanso m'2020 anati zaka zace ziri pafupi ndi 300,000. Koma mukapita ku Kabwe simudzaciona. Cinatengedwa kunka ku London, ku Natural History Museum, ndipo Boma la Zambia lapempha kuti cibwere. Kunja kwa mzindawo kuli thanthwe la Mulungushi, pamene cipani ca UNIP cinasonkhana m'1960. Kufupi ndi Ndola kuli malo amene ndeke ya Dag Hammarskjöld, mlembi wamkuru wa United Nations, inagwa m'September 1961, ali pa ulendo wofuna mtendere m'dziko la Congo.

Kumpoto

Kupitirira Serenje kuli njira yonka kwa Mfumu Chitambo, kumene Livingstone anamwalira m'May 1873. Anthu ace, otsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wace patsinde pa mtengo wa mpundu, ndipo Jacob Wainwright anazokota dzina lace pa mtengowo. Pamenepo anaumika mtembo, naunyamula miyezi pafupifupi 9, mtunda woposa makilomita 1,500, kufikira ku Bagamoyo m'mbali mwa nyanja. Ndimo anakaikidwa ku Westminster Abbey m'1874. Palibe anawakakamiza amuna aja; akadamuika pomwepo ndi kubalalika, sakadatsutsidwa ndi munthu. Ndikupemphani kuti mwana ali yense wodziwa dzina la Livingstone adziwenso maina a Susi ndi Chuma.

Pa ulalo wa mtsinje wa Chambeshi, pa mseu wa ku Kasama, pali mwala wa cikumbutso. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inaleka ku Ulaya pa 11 November 1918, koma kazembe wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anali cimenyere nkhondo m'dziko muno kufikira pa 14 November, pamene uthenga unamfika kumeneko. Anapereka zida zace ku Abercorn, ndiyo Mbala, pa 25 November. Nkhondoyo inayenda pa mitu ya makolo athu, amtengatenga zikwi zambiri amene anasenza ufa ndi zipolopolo, ndipo ambiri a iwo anafera m'njira ndi njala ndi nthenda, osalembedwa maina.

Kufupi ndi Kasama kuli mathithi a Chishimba, ndi miyala ya Mwela, yokhala ndi zithunzi zambiri zojambulidwa ndi anthu akale. Ku Mpulungu, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, kuli makoma a chalichi ca Niamkolo, comangidwa ndi miyala ndi a London Missionary Society m'zaka za m'ma 1890. Ndipo pa malire a Zambia ndi Tanzania pali mathithi a Kalambo, kumene madzi agwa kamodzi mamita oposa 200. Desmond Clark anayamba kukumba kumeneko m'1953, napeza zipangizo za miyala zambirimbiri. M'2023 akatswiri ena analengeza kuti anapezako mitengo iwiri yosemedwa ndi kulumikizidwa ndi manja, ya zaka zosacepera 476,000, ndipo palibe cimango ca mitengo cakale koposa ici codziwika pa dziko lapansi. Mmisiri wa matabwa woyamba amene mbiri imdziwa anagwira nchito yace m'dziko la Zambia. Kodi ana athu amva zimenezi?

Kumadzulo ndingochula Kuomboka, pamene madzi akadzala m'cigwa ca Barotse, Litunga acoka ku Lealui kunka ku Limulunga m'bwato lace lalikuru la Nalikwanda. Mwambowu utsata madzi, ndipo caka cimene madzi acepa sucitika.

Tidzafikako Bwanji?

Ndidziwa cimene ciri m'mitima yanu: malipiro a mphunzitsi ndi ocepa, ndipo ulendo udya ndalama. Ndiyankha ndi mau anai.

Poyamba, kuyenda awiri si mantha. Aphunzitsi a masukulu oyandikana asonkhe pang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo caka ciri conse atume awiri kapena atatu ku dera limodzi, osati ku dziko lonse. Obwerawo akhale ndi mangawa a kufotokozera anzao pa msonkhano ndi kulemba zimene anaona. Kumbukirani kuti pa zipata za malo awa nzika ya Zambia ilipira ndalama yocepa kusiyana ndi mlendo wakunja. Musaiwale citupa canu. Wonka kumpoto akhoza kukwera sitima ya TAZARA ku Kapiri Mposhi, imene ipita pa Serenje, Mpika ndi Kasama.

Kaciwiri, sankhani nyengo. Mosi-oa-Tunya adzala kuyambira March kufikira May, ndipo nthunzi ya madzi inyowetsa munthu ngati mvula. M'October ndi November mbali ya Zambia itsala pang'ono kuuma, koma pamenepo ndipo phompho lioneka bwino. Nyama za ku Luangwa zioneka bwino m'cirimwe, pamene udzu wauma ndipo zisonkhana kumadzi.

Kacitatu, funsani. Safunsa anadya phula. Cikwangwani ca Boma cinena zace, koma nkhalamba ya m'mudzi woyandikana idziwa zina zimene sizinalembedwe. Yambani mwaonekera kwa mfumu, monga mwa ulemu wathu.

Kacinai, sungani. Lamulo la 1989 linaika malo awa m'manja mwa National Heritage Conservation Commission, ndipo kuwaononga ndi mlandu. Koma Boma silingaike mlonda pa phanga liri lonse. Zithunzi za pa miyala zimene zinapirira mvula zaka mazana ambiri zitha tsiku limodzi ndi makala a mwana wolemba dzina lace, kapena ndi moto wa osaka mbewa. Mlonda weniweni ndiye mphunzitsi wa sukulu ya pafupi.

Cifukwa cace ndikupatsani nchito iyi musanakwere basi iri yonse. Teremu ikudzayi, yense wa ife afune malo amodzi akale amene angafikeko ndi ana ace pa miyendo: phanga la zithunzi, ng'anjo yakale yosungunuliramo citsulo, linga la nkhondo, kapena bwinja la mudzi woyamba. Apite nao ana pamodzi ndi mkulu wodziwa mbiri yace, ana alembe zimene amva ndi kujambula zimene aona, ndipo makope abwino koposa tidzawawerenge pa msonkhano wathu wa mtsogolo.