LUSO LA M'MANJA: PHUNZIRO LOCHOKERA KU SEROWE

 Mau anga akhudza ana athu amene atsiriza sukulu kapena kuilekeza panjira, nangokhala pamudzi osoŵa chochita. Ena atsikira ku Tete, ena aloŵera ku Joni, ndipo midzi itsala ndi nkhalamba. Ndiloleni ndikusimbireni za mudzi wa Serowe, m'dziko la Botswana, kumene anzathu adalimbana ndi vuto lomweli.

Ku Seroweko kudafika munthu wina, dzina lake Patrick van Rensburg. Iyeyu adabadwira ku Durban m'chaka cha 1931, ndipo adagwirapo ntchito ya ukazembe wa South Africa m'dziko lathu lino, ku Lourenço Marques, kumene lero titi Maputo. M'chaka cha 1957 adaisiya ntchitoyo chifukwa chodana ndi tsankho la boma la kwawo. M'chaka cha 1963 iye ndi mkazi wake adatsekula sukulu ya sekondale ya Swaneng Hill, ndipo ophunzira eni ake ankathandiza kumanga zipinda zophunziriramo.

Posakhalitsa adaona kuti ana ambiri otsiriza pulaimale sankapeza malo ku sekondale, ndipo ndalama zoŵamangira sukulu ya umisiri padalibe. Tsono m'chaka cha 1965 adayambitsa gulu la anyamata omanga nyumba, lotchedwa brigedi. Kachitidwe kake kadali kotere: mmisiri pamodzi ndi anyamata ake ankalandira ntchito yeniyeni yomanga, mwini nyumba ankalipira, ndipo ndalamazo zinkalipira mphunzitsi ndi kugula zida. Masiku ambiri anyamata ankakhala pa ntchito, nthaŵi yotsala ankaloŵa m'kalasi kuphunzira masamu, Chingerezi ndi malamulo a umisiri wawo. Pakutha pa zaka 3 mnyamata ankatuluka ali mmisiri. Pambuyo pake padabadwa magulu a akalipentala, alimi, osoka, ofufuta zikopa ndi amakaniko, ndipo midzi ina ya m'Botswana idatengera chitsanzocho.

Ndikadakunamizani ndikadati zonse zidayenda bwino. Anthu osauka sagula zambiri, motero magulu ena sankapeza ndalama zokwanira kudziyendetsa okha. Boma lidayamba kuŵathandiza ndi ndalama, ndipo patapita zaka lidatenga ambiri mwa magulu aja kukhala ake. Amisiri ambiri otuluka m'menemo adapitabe ku tauni kukafuna ntchito yolembedwa. Van Rensburg adamwalira ku Serowe komweko m'chaka cha 2017.

Nanga ife titolepo chiyani? Choyamba, luso liphunziridwa pa ntchito imene munthu wina akuiyembekeza ndipo adzailipira. Khoma lomanga lero n'kugumula maŵa siliphunzitsa mwana kuopa kulakwitsa, koma chitseko chimene mwini wake adzachikana chikapotoka chimphunzitsa kuyesa kaŵiri asanadule thabwa. Chachiŵiri, tisanasankhe luso tiyambe tafunsa chimene mudzi ugula. Kuno ku Angónia ngolo zonyamula chimanga ndi mbatatesi zithyoka, njinga zamoto ziwonongeka, mijigo ifa anthu nabwerera ku zitsime zosatetezeka. Amene adziŵa kukonza zimenezi sadzasoŵa ndalama ya mchere. Chachitatu, mwana aphunzire kuŵerengera: mtengo wa matabwa, misomali, thukuta lake ndi phindu. Amisiri ambiri aluso agwa chifukwa cha ngongole za achibale ndi kusadziŵa kuika mtengo.

Pempho langa nali. Tikadzafuna kufolera sukulu, kukhoma mabenchi kapena kusoketsa yunifolomu, ntchitoyo tiipereke kwa mmisiri wakonkuno, pa pangano loti atenge achinyamata aŵiri kapena atatu, atsikana ali momwemo, ndi kuŵaphunzitsa mpaka ntchito itatha. Pa zimenezi sitifunika kudikira thandizo lakunja. Tifunika mafumu, makolo ndi amisiri amvane.

Makolo athu adati ukaipa dziŵa nyimbo. Mwana amene mayeso adamkanika asayesedwe wotayika, pakuti manja ali nawo. Tiyeni timpatse wina womuonetsa kagwiridwe ka sowo ndi chipande chomangira, tikali moyo ife odziŵa.