Ku Dzaleka Lamya Yalowa, Koma Chipata Nchotsekabe



Ambiri a ife tikamva dzina loti Dzaleka thupi limachita tsembwe. Paja nthawi ya chipani chimodzi malo amenewa, kumapiri ozizira a ku Dowa, anali ndende ya anthu owaganizira kuti ngoukira boma, ndipo a Mboni za Yehova ambirimbiri anazunzikirako m'zaka za m'ma 1970. Wolowa kumeneko ankangoti zii. Mu 1994 ndendeyo inasanduka msasa wa anthu othawa kwawo. Malo oyenera anthu 10,000 kapena kuposerapo pang'ono lero akusunga anthu oposa 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda.

Ndinapitako chaka chatha. Fumbi ndi mizere ya zigubu pamjigo ndinaziona, koma chimene chinandigwira mtima ndi lamya ya m'manja. Mayi wina wa ku Congo anandimvetsera mawu a mchemwali wake pa WhatsApp, ojambulidwa ku Goma m'mawa womwewo. Ine za maliro a bambo anga ndinamva patatha miyezi inayi, kwa dalaivala wa lole. Mukukumbukanso momwe kalata ya mabishopu ya 1992 inatipezera kunjako? Pepala la fakisi, zilembo zofufutika, anthu khumi kulimbirana tsamba limodzi.

Pa za sukulu mpamene pali nkhani. Kuyambira 2010, ansembe a chipani cha Jesuit anatsegula maphunziro a pa intaneti mumsasamo, ndipo achinyamata anayamba kulandira madipuloma a Regis University ya ku Denver osakwerapo ndege. Remy Gakwaya wa ku Burundi anayambitsa TakenoLAB yophunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta. Poyamba makina anali osowa, moti ophunzira ankayeserera kutayipa pa mapepala ojambulidwa mabatani. Musaseke, enafe tinaphunzira a e i o u pamchenga. Mu 2017 a Microsoft ndi UNHCR anawonjezapo AppFactory, ndipo mu 2018 wailesi ya Yetu inayamba kuulutsa mawu. Chikondwerero cha Tumaini, chimene Menes la Plume anayambitsa mu 2014, ambiri a m'tauni tinachidziwira pa Facebook.

Komabe tisanamizane. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989, ndipo dziko lino linasaina pangano la 1951 mokana mfundo zina, kuphatikizapo ufulu woyenda ndi wogwira ntchito. Choncho mnyamata angathe kukhoza mayeso a ku America koma osaloledwa kukakhala ku Lilongwe, mtunda wosafika makilomita 50. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anasonkhanitsa othawa kwawo m'matauni, kuwasunga ku Maula, kenaka kuwatutira ku Dzaleka, ana omwe. Zithunzi zake tinazionera pa lamya. Pa lamya pomwepo mpamenenso anzathu ena ankafalitsa mawu onyoza "maburundi", kuti atilanda malonda. Zinandipweteka kuwerenga zotere kuchokera kwa anthu amene, monga ine, anasungidwapo ndi eni dziko la Zambia.

Bandulo nayonso si yaulere. M'banja limene chimanga chikutha mwezi usanathe, ndalama ya intaneti imachoka m'mbale, ndipo lamya ikakhala imodzi, kawirikawiri amaigwira ndi mwana wamwamuna.

Ndikutsazika, mnyamata wina anandiperekeza mpaka pa kabaza. Anati kampani ina ya kunja yamupatsa ganyu yokonza pulogalamu, koma pomulipira ikufuna akaunti ya kubanki ndi chiphaso chimene iye alibe. "Bambo," anatero, "ntchito ndaipeza. Nanga ndalamazo ndilandirire m'dzina la yani?" Ndinakwera njinga ija osamuyankha.