NDANI AIKA MTENGO WA FETELEZA WATHU?

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa alimi a ku Petauke ndi Nyimba

Mwandifunsa cifukwa cace mau a mlimi samveka pamene mitengo ya feteleza ndi cimanga iikidwa. Yankho lace lili kutali ndi kuno.

Mkuwa utagwa mtengo mu 1975, Boma linayamba kukongola kwambiri kunja, ndipo wokongoza ndiye anakhala mwini mau. Bungwe la IMF la ku Washington linalamula kuti Boma licepetse ndalama zothandizira pa unga ndi feteleza. Mu Disembala 1986 unga unakwera mtengo, ku Migodi kunabuka cipolowe, anthu nafa. Pa 1 Meyi 1987 Dr Kaunda anakana malamulowo. Kunali kulimba mtima ndithu, koma maiko olemera anamanga matumba ao, ndipo mu 1989 tinabwerera komweko titazolika mitu. Caka comweco Namboard inathetsedwa. Lintco, imene inali kugula thonje lanu, inagulitsidwa kwa makampani akunja mu 1994. Akuluakulu pano mukumbukira amalonda amene anadza m'midzi ndi masikelo ao.

Lero Washington salamula yekha. Dziko lathu litalephera kubweza nkhongole mu Novembala 2020, mlandu wathu unakambidwa ndi maiko otikongoza, China ndi France ali pampando. Cimvano ca nkhongole ya madola mabiliyoni 6.3 cinalengezedwa ku Paris mu Juni 2023, titadikira zaka ziwiri ndi theka. Pabwalo limenelo panalibe mlimi wa ku Petauke kapena Nyimba, cikhalireco misonkho yanu ndi ya ana anu ndiyo idzabweza ndalamazo kufikira caka ca 2043.