Mwana wa pakhomo salima ganyu



Ndisanakhale pampando mwandikonzerawu ndinayamba ndazungulira nyumba imene inu amayi a Mvano, a Chikatolika ndi a Dorika mwamangira agogoyi. Ndagwira khoma, ndayang'ana malata, ndatsegula ndi kutseka chitseko. Andiuza kuti njerwa munaumba nokha, madzi mumasenza pamutu kuchokera kudambo, ndipo anyamata anachezera usiku kusonkhezera uvuni. Mvula yayandikirayi ikagwa, agogo sadzadzukanso pakati pa usiku kukoka mphasa ndi zidzukulu kuthawa podontha. Zikomo kwambiri amayi, Mulungu akudalitseni.

Ndili kuseri kuja ndamva mayi wina akuuza mnzake kuti, "Apa ndiye tadzigulira malo kumwamba." Ananena moseka, ndipo sindikumudzudzula. Koma mawu amenewa ambirife timagona nawo mumtima osaseka, ndiye mundilole ndiyankhulepo.

Ganyu tonse timamudziwa. Waganyu asanagwire khasu amayamba wamva mtengo. Amawerenga mizere, mwini munda nayenso amawerenga, dzuwa likapendeka amalandira ndalama yake kapena mbale ya chimanga n'kumapita. Udzu umene uli pamzere womwe sanapangane amaudumpha. Mwana wa pakhomo amalowa m'munda womwewo kusanache, amaweruka mochedwa kuposa waganyu, ndipo palibe amene amamulipira. Salima kuti akhale mwana. Anabadwa kale, dzina anapatsidwa kale, nkhokwe ili pabwalo ndi yakenso.

Pa Luka 15, mwana wolowerera uja pobwerera kwawo anakonzeratu zokanena, ndipo pempho lake linali loti bambo ake amulembe ngati mmodzi wa antchito olipidwa. Asanafike pa mawu amenewo, bambo anali ataitanitsa kale mkanjo, mphete ndi nsapato. Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi mkulu wake. Sanachokepo pakhomo, koma tsiku la phwando anatulutsa kaundula wa zaka zimene wagwira ntchito, n'kudandaula kuti sanapatsidwepo ngakhale kamwana ka mbuzi. Anakhala m'nyumba ya bambo ake moyo wonse ali ndi mtima wa waganyu.

Ndinali ndi azakhali anga, mayi amene anatumikira mpingo kuyambira utsikana. Pamaliro ankafika woyamba ndi mtolo wa nkhuni, n'kuchoka womaliza atatsuka miphika. Atadwala anagona zaka ziwiri osatha kupita ku tchalitchi. Khadi lawo la zopereka ankalisunga m'kajumbo ka shuga, pakati pa Buku Lopatulika. Kutatsala masiku ochepa kuti atisiye anandiitana, anandipatsa khadi lija manja akunjenjemera, n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, tawerenga, yatsala miyezi ingati yosalemba?" Nditawerenga ndinawauza, iwo anatembenukira kukhoma n'kuyamba kulira. Ankaopa kuti pamaliro awo sipadzaimbidwa nyimbo, ndipo kuseri kwa mantha amenewo kunali ena aakulu, oti Mulungu nayenso adzatsegula khadi lomwelo. Ndinawawerengera Aefeso 2 kuyambira ndime 8 mpaka 10, pamene Paulo akuti chipulumutso ndi mphatso imene timailandira pokhulupirira, yosachokera ku ntchito, kuti pasapezeke wodzitama. Anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza katatu usiku umenewo. Mpaka lero zimandiwawa kuti munthu amene anamva ulaliki zaka zonse zija anafika pakhomo la imfa akuwerenga ngongole.

Funso loti kodi chipulumutso chimagulidwa ndi ntchito ndi lakale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 400, Pelagius ankaphunzitsa kuti munthu akalimbikira angathe kumvera Mulungu ndi mphamvu zake. Amene anamutsutsa anali Augustine, bishopu wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa kuno, m'dziko limene lero ndi Algeria. Iye anati ngakhale mtima wofuna kuchita zabwino umayamba wadzutsidwa ndi chisomo. Msonkhano wa ku Carthage wa 418 unagwirizana naye.

Tsiku mwasankhali, 31 Okutobala, lilinso ndi mbiri yake. Pa tsiku ngati lino m'chaka cha 1517, Martin Luther wa ku Wittenberg anatulutsa mfundo 95 zotsutsa kugulitsa zikalata zochotsera chilango cha machimo, zimene Johann Tetzel ankalalikira m'mizinda yoyandikana. Ndalama zina zinkapita kukamangira tchalitchi cha Petro Woyera ku Roma. Luther anali munthu wovutika ngati azakhali anga aja. Ankasala kudya, ankaulula machimo kwa maola ambiri, koma mtendere sankaupeza, mpaka pamene anamvetsa Aroma 1:17, kuti chilungamo chimene Mulungu amafuna ndi chomwe Mulunguyo amapereka. Mpingo unagawanika, Akatolika anayankha pa msonkhano wa ku Trent mu 1547, ndipo mbali ziwirizi zinatembererana kwa mibadwo yambiri. Patapita zaka 482, pa 31 Okutobala 1999, mumzinda wa Augsburg, Akatolika ndi a Lutheran anasainirana chikalata chovomereza pamodzi kuti Mulungu amatilandira mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, ndipo Mzimu Woyera ndiye amatikonzekeretsa kuchita ntchito zabwino. A Methodist anavomereza mu 2006, mipingo ya Reformed, kumene ife a Presbyterian tili, mu 2017. Sikuti zonse zinatha pamenepo, kusiyana kulipobe. Koma Bambo Mfumu ndi abusa akhala pa benchi imodzi lero, ndipo nkhani ya chisomo siwayenera kukanganiranso.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti malonda a Tetzel sanafe. Lero akumveka pa wailesi ndi pa foni: fesa mbewu ya ndalama zakuti kuti Mulungu akutsegulire, gula botolo la mafuta kapena la madzi kuti mwana achire. Mayi amagulitsa mbuzi imene ikanalipira fizi, ndipo zikapanda kutheka amauzidwa kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Makolo athu anati kupatsa n'kuika, ndipo pakati pa anthu mwambiwu ndi woona. Koma kwa Mulungu palibe chimene tingaike choti adzatibweze ngati ngongole, pakuti mpweya, manja ndi mbewu yomwe tikufesayo zonse ndi zake.

Tsono wina asanyamuke pano n'kukanena kuti mlendo wolemekezeka wati ntchito zilibe phindu. Ndime 10 ya Aefeso ija imati tinalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino zimene Mulungu anakonzeratu. Yakobo 2 amafunsa za m'bale wausiwa ndi wanjala amene timangomufunira mafuno abwino osamupatsa kanthu, ndipo chikhulupiriro chotere amachitcha chakufa. Luther kalata ya Yakoboyi sankaikonda kwenikweni, ndipo pamenepo ine sindigwirizana naye. Paulo akukana kuti ntchito zikhale mtengo wogulira umwana, Yakobo akukana mwana amene amagona pa khonde munda wa bambo ake ukumera thengo. Zakeyo sanayambe wabweza ndalama kuti Yesu alowe m'nyumba mwake. Yesu anadziitanira yekha, ndipo atalowa m'pamene Zakeyo anaimirira n'kulonjeza theka la chuma chake kwa osauka, ndi kubweza kanayi kwa amene anawabera.

Ife Amalawi tinazionapo izi ndi maso. Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yonena za malipiro ochepa, masukulu, zipatala ndi anthu otsekeredwa popanda mlandu. Boma linati kalatayo ndi youkira, maepiskopi anaitanidwa kupolisi, Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Waganyu sakanalowa pamzere woopsa ngati umenewo. Munthu amalimba mtima chotero akadziwa kuti malo ake kwa Atate palibe angamulande.

Ndili ndi pempho kwa inu abusa ndi akulu ampingo. Makadi asungeni, mpingo uli ndi zolipira ndipo ndalama za Mulungu ziyenera kuwerengedwa bwino. Koma mkhristu akagona pa mphasa, mukafike ndi Mgonero ndi mawu a chisomo khadi lisanafunsidwe, ndipo akamwalira kaimbeni. Kwa inu amayi, nyumbayi musaisiyire pano. Agogo adzafuna wowatungira madzi m'mwezi wa Januwale, pamene mahema awa adzakhale atapasulidwa kale, ndipo zidzukuluzi zidzafuna makope ndi yunifolomu. Mukakumana Lachinayi likubwerali, mugawane masabata.

Agogo, fungulo ili ndi lanu. Simunapemphedwe kusaina pepala lililonse, ndipo palibe amene adzabwere kudzakufunsani kuti mumapemphera mpingo uti. Wapampando, ndipempha amayi awiri awagwire agogo dzanja, titsogolereni kukhomo akatsegule okha.