Mmene Maiko Anaperekezera Mozambique ku Chisankho

Pa 4 October 1992, mumzinda wa Rome, Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo, Afonso Dhlakama, anasaina pangano lothetsa nkhondo imene inathawitsira anthu oposa miliyoni imodzi kuno ku Malawi. Ntchito yaikulu inali isanayambe.

Chaka chomwecho, ku Angola, chisankho chinachitika asilikali asanatule zida, ndipo nkhondo inabukanso. Poona zimenezi, bungwe la United Nations, kudzera mwa nthumwi yake Aldo Ajello, linavomereza kuti chisankho cha ku Mozambique chichedwe ndi chaka chathunthu, kufikira asilikali a mbali zonse atasonkhanitsidwa m'misasa ndi kubwezedwa kwao. Akazembe a Italy, Portugal, France, Britain, America ndi Germany anakhala m'komiti imodzi yoyang'anira panganolo, ndipo maiko anasonkha ndalama zothandiza Renamo kusanduka chipani cha ndale.

Mgwirizanowu unayesedwa m'mwezi wa October 1994. Kutatsala maola ochepa kuti anthu ayambe kuponya voti, Dhlakama analengeza kuti watuluka m'chisankho. Akazembe aja pamodzi ndi atsogoleri a maiko oyandikana nawo anamuuza mawu amodzi okhaokha, ndipo iye anasowa wina womutsamira. Pa tsiku lachiwiri anabwerera, ndipo kuvota kunaonjezeredwa tsiku lachitatu.

Chissano anapambana. Pa mipando 250 ya nyumba ya malamulo, Frelimo inapeza 129, Renamo 112. Dhlakama anadandaula, koma m'zaka zimenezo sanabwerere kutchire, ndipo othawa nkhondo anapitiriza kubwerera kukalima minda yawo ku Tete ndi ku Zambézia.